La Chikondi Kapena la Mitambo

Estelí, Nicaragua
Mwezi wa Okutobala

Wokondedwa mng'ono wanga Odalys,

Landira moni wochokera kumapiri kuno. Uli bwanji ku Pinar, kwathu ku Cuba kumeneko? Nanga kukhosi kuja kunapola? Ulendo watha pafoni unkamveka ngati wameza mchenga, ndipo ndinada nkhawa, poti munthu amene ntchito yake ndi kuwerengera anthu mabuku mufakitale, mawu akasasa ndiye kuti zake zada. Uzimwa madzi ofunda a mandimu, uthiremo uchi ukaupeza. Amayi ali bwanji ndi mawondo awo? Mankhwala awo ali m'phukusi momwemu. Uwasunge ndiwe, asawagawirenso anzawo a kutchalitchi monga anachitira ulendo uja.

Ine thupi lokha lili bwino. Zinazo ndikuuza m'munsimu, undilole ndiyambe ndi zopepuka.

Kalatayi ndapatsira mayi Xiomara, aja amabwera kuno kudzapikula zovala ndi nsapato. Ndalemba pamanja mwadala. Pafoni sitilankhulana momasuka ife. Magetsi akayaka kwanuko amayi amakhala pambali pako makutu ali tcheru, ine n'kumangoti zonse zili bwino, zonse zili bwino. Ndatopa nawo mawu amenewo.

Kuno mvula yatikwana. Imayamba masana tikadali pantchito, poweruka msewu wasanduka mtsinje. Chipinda changa chikudontha pakona pamene pali bedi, ndiye ndinalikokera pakati. Mwini nyumba akuti akonza mvula ikatha, ngati kuti ikatha ndidzalifunanso dengalo. Chakudya n'chomwe chija ndinakuuza, mpunga wosakaniza ndi nyemba zofiira m'mawa, masana ndi madzulo. Nyemba zakuda zathu zija ndimachita kuzilota. Khofi wawo ndiye usanene, amangomuonetsa madzi.

Za ulendo wopitirira kumpoto, ku dziko la ndalama lija, ndinaziika pambali. Amene tinatsika nawo ndege limodzi ena anafika, ena anabwezedwa, ena sitimva n'komwe. Ine ndinaima pano chifukwa ndinamva fungo la fodya ndikudutsa pamsewu, miyendo n'kukana kupitirira. Ntchito ndi yomwe ija ya manja athu, kupichira ndudu, koma holo yake ndi ina. Kuno kulibe nsanja, kulibe wowerenga. Wailesi imangobangula nyimbo kuyambira m'mawa mpaka mutu kuwawa. Tsiku lina ndinawauza anzanga kuti kwathu mng'ono wanga amakhala pansanja n'kumatiwerengera nyuzipepala m'mawa, buku masana, ndipo pakakoma tonse timagogoda mipeni yathu pamatabwa. Mtsikana wina anaseka mpaka kugwira m'mimba. Ati, “Ndiye ntchitoyo mumagwira nthawi yanji, anthu a ku Cuba inu?” Ndinamuuza kuti timamvera ndi makutu, manja saima. Sanakhulupirire, ndipo ndinangomusiya.

Tsono za mabuku amene unandipempha. Unati a mukabati mwanu mwawabwereza mpaka a Dagoberto, nkhalamba ya pabenchi yakutsogolo ija, akumakumalizira ziganizo usanafike. Ndinaseka ndekha m'basi nditamva zimenezo. Kumsika kuno kuli mayi wina, mayi Chilo, ali ndi kabenchi ka mabuku akale pakati pa ogulitsa tchizi ndi osoka nsapato. Umapita ndi buku lako lakale, n'kusinthitsa ndi lina. Akangondiona amakuwa, “Wabwera wa ku Cuba uja! Lero ukufuna lolira kapena lomenyana?” Ndikati lililonse, amati, “Bodza, maso akowo akufuna lolira.” Chiyambire mvula ndawerenga ambiri, poti ndikaweruka ndilibe kolowera. Ambiri ndi zinyalala. Lina linali la mtsikana wokwatiwa ndi mzukwa wolemera, ndinalibweza ndisanafike pakati, poti mavuto a amuna amoyo atikwana kale. Koma awiri ndawagula ndithu kuti akhale ako.

Lachikuto chobiriwira ndi la zamatsenga. M'dziko la m'bukumo mitambo amaweta ngati mbuzi. Mudzi uliwonse uli ndi mitambo yake, ndi m'busa woitulutsa m'mawa n'kukaitsekera kuphanga madzulo. Ndiye mfiti za kwa mfumu zinaba mitambo ya mudzi wina, minda n'kuyamba kuuma. M'busa wake, mtsikana wotsimphina, wapakamwa ngati iwe, ananyamula chingwe n'kuitsatira. Muli njoka zamapiko zolavula moto. Muli wamalonda wina wogulitsa mphepo m'mabotolo, wabodza lankunkhuniza, amene ukamuwerenga uzimupatsa mawu a amalume a Eleuterio, anthu adzafa nako kuseka. Azibambo a kumbuyo aja, okonda zomenyana, adzagogoda mpaka matabwa kung'aluka. Ndi buku labwino, Odalys, sindikunama. Silitopetsa, ndipo mitu yake ndi yaifupi, yokwanira bwino nthawi ya masana.

Koma ndikuchenjeze za kumapeto. Phiri lililonse limene mtsikanayo wadutsa, kumudzi kwawo kumatha chaka, iye osadziwa. Akubwera ndi mitambo yake pachingwe, mvula ikugwa, anthu akuvina m'matope, koma palibe womuzindikira. Akumuthokoza ngati mlendo wachifundo, n'kumufunsa ngati ali ndi kogona. Wolembayo akuona ngati watha bwino poti mvula yagwa. Ine ndinalitseka n'kukachapa zovala zimene ndinali nditachapa kale.

Linalo, lachikuto chofiira chong'ambika pakona, ndi lachikondi. Usalinyoze chifukwa cha chithunzi cha mwamuna wosamanga mabatani chili pamwambacho, nkhani yake ndi ya anthu ngati ife. Mwamuna ndi wokhoma mabwato. Mkazi wake anawoloka nyanja kukagwira ntchito yophika kuti amange nyumba. Munthu wina wochokera kutsidyako anabwera n'kuuza mwamunayo kuti wamuona mkazi wake padoko atavala jekete la mwamuna wina. Zinali zoona, koma tsikulo kunali mvula, ndipo jeketelo anamubwereka ndi mlonda wina wokalamba. Mwamunayo sanafunse. Anangosiya kuyankha makalata, n'kumakhoma mabwato ake.

Pakati pali kupsompsonana kochuluka, poti wolembayo amabwerera ku masiku a chibwenzi chawo. Azimayi a pafupi ndi zenera adzakuwa. Usadumphe tsamba ngakhale uchite manyazi, ukudziwa kuti a Dagoberto amamva ukatembenuza masamba awiri pamodzi. Koma mutu umene ndaligulira bukuli ndi wotsatizana ndi womaliza. Mkazi uja wabwera, waima pakhomo pa shedi ya mabwato. Sakulira, sakugwada, sakupepesa. Akungomufunsa mwamunayo ngati anamufunsapo iye mwini, ngakhale kamodzi, asanamuweruze. Mwamunayo akuika nyundo pansi. Zotsatira zake ndi zija za m'mabuku, ndikudziwa kuti moyo suyenda choncho. Koma mutu umenewo ndauwerenga mpaka masamba kuda.

Tsopano ndafika pa zolemera, ndipo ndikhulupirira wadziwa kale kumene ndikupita.

Kuno ndudu imodzi amapanga anthu awiri. Mwamuna amakonza zamkati, zija timati matumbo, n'kuika m'chikombole, kenako mkazi n'kuveka tsamba lakunja. Holo yonse imagwira choncho, awiriawiri, ndipo mnzako susankha wekha, kapitawo amangoloza ndi cholembera. Ine anandilozera a Ervin, bambo wa zidzukulu, mlaliki wa kumpingo kwawo, amene tsiku lonse amandiuza za kutha kwa dziko ndi za shuga wawo. Nthawi ya Pasaka mnzanga wina anandijambula ndili pantchito, ine n'kutumiza chithunzicho kwa alamu ako, a Reinier. Ndinkafuna aone kuti mkazi wawo sakutsuka zimbudzi za anthu, wapeza ntchito ya manja athu. Pachithunzipo nkhope ya a Ervin sikuoneka. Ukuoneka mkono wokha, wamwamuna, ukuika matumbo pathabwa panga.

Iwe ukudziwa zimene zimatanthauza kwathuko. Mu holo yathu munthu amapanga ndudu yake yekha, kuyambira matumbo mpaka kumutu, ndipo wina akagwira tsamba lako ndi ndewu. Mwamuna akayamba kukonzera mkazi matumbo n'kumamusunthira mwakachetechete, holo yonse imadziwa kuti chatsala ndi kusoka diresi. Ndi mmene alamu ako anandifunsira ine, muja ndinali wophunzira wa manja olemera. Mawu okoma sanandiuzepo, munthu uja pakamwa m'polemera chibadwire. Anangoyamba kusuntha matumbo, lero, mawa, mkuja, mpaka a Dagoberto anakuwa pakati pa nyuzipepala, “Reinier, kwatira msanga iwe, fakitale ikuluza!” Amenewo ndiwo anali maluwa anga, ndipo sindinafunepo ena.

Ine kuno ndinali nditazolowera za awiriawirizi moti potumiza chithunzicho mkonowo sindinauone n'komwe. Iwo anauona. Anayankha ndi uthenga wamawu waufupi, akuti aona, akuti amene akundikonzerayo ntchito akuidziwa, matumbo ake ndi owongoka bwino. Basi. Chiyambire pamenepo, zii.

Ndafotokoza, Odalys, mpaka pakamwa kuuma. Ndinajambula holo yonse kuti aone okha kuti aliyense ali ndi mnzake, koma foni imaonetsa kuti sanatsegule. Ndikaimba imangoitana. A Ervin atandiona ndikudontheza misozi pa tsamba la anthu, anandifunsa, ndipo ndinawauza. Anavula magalasi, ati, “Mlongo, bweretsani foniyo kuno ndimuuze mnyamatayo. Ine ndi mano angawa ndilande mkazi wa munthu? Mayi akunyumba akangomva, maliro anga mawa!” Anzanga onse anaseka, nanenso ndinaseka. Tinaimba pomwepo, a Ervin atakonza kale kukhosi ngati akukwera paguwa. Inaitana mpaka kuduka yokha.

Poyamba ndinkakwiya. Ndinkati munthu wamkulu, wandidziwa kuyambira ndili mtsikana, angandiweruze ndi mkono wa pachithunzi? Tinagwirizana tonse awiri kuti nditsogole ine, iwo atsale ndi amayi awo odwala, ndikakhazikika ndiwaitane. Sindinathawe. Koma mkwiyo umafuna munthu woti uzikangana naye, ndipo foni yosayankhidwa sungakangane nayo. Pano mkwiyowo unatha, chatsala ndi mantha okhaokha.

Sabata yatha anaimba mlongo wathu Yoandri. Ukumudziwa, mutu wake uli mu injini za magalimoto, za mu holo sadziwa kanthu. Nditamufunsa za alamu ake mozungulira, ati, “Aaa, achemwali, musadandaule nawo, ali bwinobwino, mpaka anenepako. Mtima wawo wabwino uja ndi womwewo. Tsiku lija ndinakamusiyira Odalys chakudya ndinawapeza akuthandiza kamtsikana kena katsopano, kochedwa manja, akukakonzera zamkati zija n'kumakapatsira.” Ndinamufunsa dzina lake. Ati sakulidziwa, kaja kovala ndolo zambirimbiri. Kenako anayamba kundiuza za mtengo wa matayala, ine ndili chiimire pakhonde, foni ili kukhutu, osamva kanthu.

Mng'ono wanga, iwe umakhala pansanja. Palibe chochitika mu holo imene ija chimene suchiona. Umadziwa amene wabwera ataledzera, amene akubisa tsamba m'malaya, amene ali ndi pakati asanauze mwamuna wake. Miyezi yonseyi wakhala ukunditumizira mauthenga a mabuku, a kukhosi kwako, a mawondo a amayi, a mzere wa buledi. Dzina la alamu ako sunalitchulepo. Ndimafuna kulemba kuti sindikukwiyira, koma ndikukwiyira ndithu pang'ono. Ndinakubereka kumsana ine, ndipo ndikudziwa kuti ukamalankhula zambirimbiri ndiye kuti pali chimodzi chimene ukuchizemba. Ndikudziwanso kuti ukundimvera chisoni, ndipo ukuopa kukhala iwe wondibaya.

Ndaganiza mpaka mutu kutentha. Mwina akuchita dala, podziwa kuti nkhani idzandipeza, kuti nanenso ndilawe zimene iwo akumva. Ngati ndi choncho ndikhoza kuvina, chifukwa munthu subwezera amene wamuiwala. Mwina ndi chifundo chabe pa mwana wa eni wochedwa manja, ngakhale mu holo imene ija chifundo chotere sindinachionepo. Mwinanso ndi chomwe chija chinandichitikira ine, ndipo a Dagoberto akuwa kale. Ine ndili kuno sindingasiyanitse. Iwe ukhoza, poti umawaona nkhope akamasuntha matumbowo.

Ndiyenera kudziwa, chifukwa mayi Xiomara abweranso Khirisimasi isanafike. Ngati banja langa likadalipo, ndibwera nawo. Ndisiya ntchito, ndisiya zonse, ndifika chimanjamanja, anthu a mumsewu mwathu aseke kuti wabwerako kumpoto osafikako. Zimenezo ndipirira. Koma ngati linatha, ndisabwere kudzakhala pabenchi yoyang'anana ndi ndolo zimenezo, n'kumamva mipeni ikugogoda pa ukwati wa amuna anga. Bola ndikalambire kuno ndi khofi wamadziyu. Ndipo ndikuuze zoona, masiku ambiri ndikadzuka ndimamva m'thupi kuti linatha. Ndimapita kuntchito, ndimaveka masamba, ndimaseka nthabwala za a Ervin, koma mkatimu muli gwaa. Sindinadziwe kuti munthu angatope chonchi osadwala.

Pempho langa ndi limodzi, ndipo silikufuna kuti unene kanthu. Buku limene mukuwerenga panoli likatha, uyambe limodzi mwa awiriwa. Ngati ukuona kuti alamu ako akadali anga, kuti ndi ukali chabe ndi kunyada, uyambe lachikondi. Ukafika pa mutu uja wa pakhomo pa shedi, uwerenge pang'onopang'ono, usasinthe mawu ngati uli pa sewero, uwerenge ndi mawu ako enieni, poti anthu amati timamveka mofanana. Foni akhoza kuikana, koma mu holo sangatseke makutu, manja ali pa fodya. Amve funso limenelo kamodzi kokha, ndipo zotsalazo ndidzamaliza ndekha ndikafika.

Koma ngati ukuona kuti anapita, lachikondilo usalitsegule n'komwe. Sindikufuna holo yonse izitembenuka kuwayang'ana, kamtsikanako kali pambali, anthu n'kumanong'onezana kuti Idalmis watumiza buku lodzadandaulira. Uyambe la mitambo. Anthu aseke wamalonda wa mphepo uja, agogode, asangalale, poti iwo sanalakwe kanthu.

Usandiuze kuti amasankha buku ndi anthu pokweza manja. Tonse tikudziwa mmene umachitira. Buku limene ukulifuna umalifotokoza maso akuwala n'kulekezera pokoma, linalo umalitchula ngati ukuwerenga za msonkhano wa mu nyuzipepala. Chikhalire pansanja paja sunagonjepo pa mavoti. Ndipo sudzafunika kundiimbira. Amayi Lamlungu lililonse amandifotokozera buku limene ukuwerenga, mutu ndi mutu, n'kumawonjezamo zawo. Ndidzangowafunsa ngati masiku onse kuti kufakitale kukumveka nkhani yanji. Akadzayamba kundiuza, ndidzadziwa, iwo osadziwa kuti anena chiyani, ndipo iwe sudzakhala utandibaya. Chokhacho usandinamize pondimvera chisoni. Ukandiwerengera lachikondi pamene palibe kanthu, ndidzakwera ndege, ndipo tsiku limenelo sindidzakukhululukira.

Undiperekere moni kwa amayi, uwapsompsone pamphumi, uwauze kuti ndikudya bwino. Kwa Yoandri ndi mkazi wake ndi ana, ndipo usamukalipire, sanadziwe chimene ananyamula. Kwa amalume a Eleuterio, koma usawauze za mawu awo aja. Kwa azakhali a Mireya ndi onse a ku San Juan. Kwa a Dagoberto, uwauze kuti kuno kulibe wondikuwira. Kwa apongozi anga, amayi a Reinier, upite ukawaone, mafuta opaka msana ali mu kathumba koyera ndi awo, poti iwo sanandilakwire. Alamu ako usawapatse moni wanga. Ngati ulipo woti alandire, adzaumva pansanja.

Pomanga phukusili ndinasinthasintha mabukuwa kangapo. La mitambo ndaliika pamwamba, kuti usavutike kulifufuza.

Ndine mkulu wako wokukonda,
Idalmis